Wa kontrakiti akaulula zoipa pantchito, lamulo limuteteza mpaka pati?

Mvula ikayamba kugwa cha mu Novembala kapena Disembala, tiyi wa m'munsi mwa phiri la Mulanje amaphukira mwamphamvu kotero kuti antchito okhazikika paokha sangathe kuthyola masamba onse asanakhwime. Apa mpamene maesiteti amalemba anthu ochuluka pa mgwirizano wa miyezi yowerengeka, ndipo ambiri mwa iwo amapumitsidwa mvula ikakata cha mu Epulo kapena Meyi. Pa nyengo imeneyi ulimi wa tiyi, womwe udakhazikika kwambiri m'maboma a Mulanje ndi Thyolo, umapereka ntchito kwa anthu pafupifupi 50,000.

Anthu amenewa, pamodzi ndi alonda olembedwa kudzera m'makampani a zachitetezo, madalaivala a magalimoto obwerekedwa komanso amisiri opatsidwa kontrakiti yomanga kapena kukonza makina, ndiwo amakhala pamalo pomwe zinthu zikuchitikira. Ngati sikelo ikudya makilogalamu a wothyola tiyi, ngati wina akupopera mankhwala wopanda zovala zodzitetezera, ngati m'kaundula wa malipiro muli maina a anthu omwe kulibe, kapena ngati kapitawo akufuna kangachepe ngakhale thupi la mayi kuti amulembe ntchito, oyamba kudziwa ndi iwowa. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma mnansiyo akatsina khutu eni kampani, apolisi kapena boma, kenaka n'kutaya ntchito chifukwa cha zimenezo, lamulo limamuthandiza motani?

Yankho lake limasiyana malinga ndi momwe munthu adalembedwera. Wantchito wokhazikika sangachotsedwe mwakachetechete: pamafunika kalata, chifukwa chomveka ndi mwayi woti adziteteze. Wa kontrakiti ya nyengo safunika kuchotsedwa n'komwe. Bwana amene wakwiya naye amangodikira kuti miyezi yake ikwane, ndipo chaka chotsatira dzina lake silimatchulidwanso pageti. Palibe kalata, palibe chifukwa cholembedwa, choncho umboni woti walangidwa chifukwa cholankhula umavuta kuupeza.

Zomwe zidakamveka ku London

Kuti mantha amenewa si nthano, zidaoneka pamilandu iwiri yomwe amayi ogwira ntchito m'minda ya tiyi adakasuma ku khoti lalikulu la ku London kudzera kwa maloya a kampani ya Leigh Day. Pamlandu woyamba, womwe udayamba mchaka cha 2019, amayi 36 adasumira kampani ya Camellia, yomwe ndi kholo la Eastern Produce Malawi, ponena kuti amachitidwa nkhanza zogonana, kuphatikizapo kugwiriridwa, ndi amuna owayang'anira m'minda ya ku Mulanje ndi Thyolo. Mu Febuluwale 2021 mbali ziwirizi zidagwirizana kuthetsa nkhaniyo kunja kwa khoti, popanda kampaniyo kuvomera kulakwa. Ndalama za mgwirizanowo zidafika mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo chipepeso cha amayiwo ndi zolipira maloya, ndipo padagwirizanidwanso zokhazikitsa njira zotetezera amayi m'mindamo zoti ziziunikidwa ndi akatswiri oima paokha.

Pamlandu wachiwiri, amayi 31 adasumira kampani ya PGI Group, yomwe ndi mwini wa Lujeri Tea Estates, pa madandaulo ofanana ndi oyambawo. Kampaniyo idakana mlanduwo. Mu Okutobala 2021 khoti lidakana pempho la kampaniyo loti paikidwe malire otsika pa ndalama za maloya zomwe amayiwo akadabwezeredwa atapambana, chigamulo chomwe chidapatsa mlanduwo mpata wopitirira.

Mfundo imodzi idamveka mobwerezabwereza m'madandaulo a amayiwa: ambiri adali pa makontrakiti afupiafupi, ndipo ankaopa kuti akakana kapena akakanena, sadzalembedwanso ntchito. Njira yopita ku London idatseguka kwambiri chifukwa cha chigamulo cha khoti lalikulu koposa ku United Kingdom cha mu Epulo 2019, chomwe chidalola anthu a m'midzi ya ku Chingola m'dziko la Zambia kusumira kampani ya Vedanta kwawo komweko pa zochita za mgodi wake wa Konkola. Komabe njira imeneyi ndi ya okhawo amene kampani yawo ili ndi kholo lake kunja. Wogwira ntchito kwa kontrakitala wa pa Chitakale, ku Limbuli kapena ku Muloza alibe khoti la ku London. Chomwe ali nacho ndi malamulo a dziko lino.

Kodi wantchito ndani pamaso pa lamulo?

Ambiri amaganiza kuti munthu wopanda kalata yolembedwera ntchito ndi waganyu chabe ndipo lamulo silimudziwa. Sizili choncho. Ndime 31 ya malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 imapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, motetezeka ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la zantchito la Employment Act la mchaka cha 2000 limati mgwirizano wa ntchito ukhoza kukhala wolembedwa kapena wapakamwa, ndipo yonse iwiri ili ndi mphamvu.

Ndime 3 ya lamuloli imapita patsogolo. Imawerengera ngati wantchito munthu aliyense amene akugwirira wina ntchito yolipidwa m'njira yoti moyo wake wazachuma ukudalira munthuyo, ndipo ubale wawo ukufanana kwambiri ndi wa bwana ndi wantchito kusiyana ndi wa munthu wochita bizinesi yakeyake. Izi zikutanthauza kuti khoti silimangoyang'ana dzina lomwe lalembedwa pamwamba pa pepala. Limafunsa kuti amalamula nthawi yoyamba ndi yoweruka ndani, zipangizo ndi za yani, ndipo munthuyo ali ndi ufulu wokagwira kwina kapena ayi. Kalipentala yemwe akutchedwa kontrakitala koma amalowa m'mawa uliwonse pa nthawi yoikika, amalandira malangizo kwa kapitawo ndipo alibe kasitomala wina, akhoza kuonedwa ngati wantchito weniweni.

Lamuloli limazindikira mitundu itatu ya mgwirizano: wopanda malire a nthawi, wa nthawi yoikika, ndi wa ntchito imodzi yodziwika. Mitundu iwiri yomalizayi imatha yokha tsiku likakwana kapena ntchitoyo ikatha. Koma pali mfundo ziwiri zomwe zidaikidwa kuti olemba ntchito asamabisale kuseri kwa makontrakiti afupiafupi. Ndime 28 imati ngati mgwirizano wa nthawi yoikika ukugwiritsidwa ntchito podzaza udindo womwe ndi wokhazikika pa ntchito za tsiku ndi tsiku za kampani, mgwirizanowo uonedwe ngati wopanda malire. Ndime 43 imakamba za ntchito za nyengo: munthu akalembedwa ndi bwana mmodzimodzi nyengo zotsatizana, miyezi yonse yomwe adagwiradi ntchito imaphatikizidwa n'kuwerengedwa ngati ntchito yosadukiza.

Chishango cha ndime 57

Chitetezo chachikulu cha wantchito woulula zoipa chili mu ndime 57. Ndimeyi imati palibe wochotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zosowa za kampani, ndipo pa nkhani za luso ndi khalidwe ayenera kupatsidwa mwayi wodziteteza. Kenaka imatchula zifukwa zomwe siziloledwa konse pochotsa kapena kulanga wantchito. Zina mwa izo ndi kulowa kapena kutumikira m'bungwe la ogwira ntchito, kuchoka pamalo pomwe munthu akukhulupirira moona kuti moyo kapena thanzi lake lili pangozi yaikulu, komanso kupereka dandaulo kapena kutenga mbali pa mlandu wotsutsana ndi bwana pa nkhani yophwanya malamulo kapena migwirizano ya pakati pa mabwana ndi antchito.

Ndime 60 imathandiza amene sadachotsedwe poyera koma akuzunzidwa mpaka kusiya yekha ntchito. Ngati khalidwe la bwana lafika poti nzosatheka kuyembekezera kuti wantchito apitirize, kusiyako kumatengedwa ngati kuchotsedwa. Ndime 61 nayo imasenzetsa bwana udindo wopereka chifukwa chomwe adachotsera munthu, ndipo akalephera, lamulo limatenga kuti kuchotsako kudali kopanda chilungamo.

Zonsezi zimagwira ntchito kwa wa kontrakiti ya nyengo ngati wachotsedwa miyezi yake isanakwane. Mayi yemwe walembedwa kwa miyezi 6, n'kudandaula kwa mkulu wa zantchito m'mwezi wachiwiri, kenaka n'kuthamangitsidwa m'mwezi wachitatu, ali ndi mlandu womveka. Vuto limadza pamene bwana wapirira mpaka kontrakiti itatha. Poti mgwirizanowo watha wokha, bwana amanena kuti sadachotse munthu, adangosankha kusalembanso. Pamenepa wodandaula amayenera kuyamba watsimikizira khoti kuti udindo wake udali wokhazikika monga ikunenera ndime 28, zomwe nzosavuta kwa kalaliki wa kufakitale yemwe wakhala akusainitsidwa makontrakiti otsatizana chaka chonse, koma nzovuta kwa wothyola tiyi wa m'dzinja lokha.

Mpata wina uli pa anthu olembedwa kudzera mwa wina. Mlonda wa kampani ya zachitetezo yemwe watumizidwa kukalondera nkhokwe ya esiteti kapena ofesi ya boma ali ndi mabwana awiri: womulipira ndi womulamula tsiku ndi tsiku. Akaulula kuti akuluakulu a pamalopo akutulutsa katundu usiku, eni malowo sangamuchotse ntchito poti si wawo, koma akhoza kungouza kampani yake kuti sakumufunanso. Kampaniyo, poopa kutaya kasitomala, imamusamutsira kutali kapena kumusiya pakhomo n'kumati malo asowa. Amene wabwezera ndi wina, amene lamulo la zantchito likumuona ngati bwana ndi winanso. Ndipo kontrakitala weniweni, monga mwini lole yonyamula nkhuni kapena mlimi wamng'ono wogulitsa masamba ku fakitale, sali pansi pa ndime 57 n'komwe.

Pa katangale ndi nkhanza zogonana, khomo ndi lotambasuka

Pali malamulo awiri omwe safunsa za mtundu wa kontrakiti. Loyamba ndi lamulo lothana ndi katangale la Corrupt Practices Act la 1995, lomwe lidakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau, lodziwika kuti ACB. Litakonzedwanso mchaka cha 2004, mudalowa ndime 51A yomwe imalola munthu aliyense kudziwitsa ACB kapena apolisi za katangale yemwe akumudziwa kapena kumuganizira. Ndimeyi imateteza dzina la woulula kuti lisatchulidwe m'khoti, pokhapokha zitapezeka kuti adanama dala kapena kuti chilungamo sichingachitike popanda kumudziwa. Imatinso aliyense wolanga kapena kuzunza munthu chifukwa choti adakanena wapalamula mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K50,000 ndi kukhala kundende zaka ziwiri.

Lamuloli limakhudzanso makampani omwe si aboma, choncho kapitawo wolandira ndalama kuti alembe munthu ntchito wapalamula mlandu wa ziphuphu. Komabe ndime 51A ili ndi zofooka ziwiri. Imangoteteza oulula za katangale, osati za mankhwala oopsa, za malipiro operewera kapena za kuononga mitsinje. Chachiwiri, imalanga wobwezera koma simanena zobwezeretsa wozunzidwayo pantchito kapena kumupatsa chipepeso, ndipo chindapusa cha K50,000 chidatha mphamvu kalekale ndi kugwa kwa kwacha.

Lachiwiri ndi lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amayi ndi abambo la Gender Equality Act la 2013. Ndime 6 imati kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana ndi mlandu womwe chilango chake ndi chindapusa cha K1 miliyoni ndi zaka 5 kundende. Ndime 7 imafuna kuti olemba ntchito akhale ndi ndondomeko zolandirira madandaulo otere mwachinsinsi ndi mwachangu, zoteteza wodandaula kuti asabwezeredwe, komanso zolola ngakhale munthu yemwe si wantchito wa pamalopo kudandaula kwa bwana wa wopalamulayo. Imanenanso kuti munthu sakakamizidwa kudikira kuti njira za pakampani zithe asanapite kupolisi kapena kukhoti. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission ndilo lidapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa.

Njira yodandaulira ndi nthawi yake

Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokha, kuyambira tsiku lomwe wachotsedwa, yoti akadandaule kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lake, komwe ambiri amati ku leba. Mkuluyo amayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo zikakanika nkhaniyo imapita ku bwalo loweruza milandu ya zantchito la Industrial Relations Court, lomwe likulu lake lili mu mzinda wa Blantyre, mtunda woposa makilomita 60 kuchokera pa boma la Mulanje. Pakadafunda padajiwitsa galu: ambiri amataya mlandu wabwino chifukwa chodikira malonjezo a bwana mpaka miyezi itatu ija itadutsa.

Bwaloli likhoza kulamula kuti munthu abwezeretsedwe pa udindo wake, alembedwenso pa udindo wofanana nawo, kapena apatsidwe chipepeso. Ndime 63 imaika mlingo wotsikitsitsa wa chipepesocho: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosaposa 5, a masabata awiri kwa wa zaka zoposa 5 mpaka 10, a masabata atatu kwa wa zaka zoposa 10 mpaka 15, ndi a mwezi wathunthu kwa amene wadutsa zaka 15. Khoti likhoza kupereka zoposa pamenepa, ndipo limaloledwa kuonjezera ndalama ngati munthu adachotsedwa pa zifukwa zoletsedwa zija.

Masamu ake amaonetsa chifukwa chomwe aganyu ambiri amasankhira kukhala chete. Munthu yemwe wathyola tiyi nyengo zinayi zotsatizana, miyezi 6 nyengo iliyonse, amawerengedwa kuti wagwira zaka ziwiri. Mlingo wake wotsikitsitsa ndi malipiro a masabata awiri. Ndalama zoyendera ku Blantyre kangapo zikhoza kuposa zimenezo, pomwe chomwe wataya ndi ntchito ya nyengo zonse zakutsogolo.

Momwe maiko ena adatsekera mpatawu

Kwa zaka zambiri dziko la Malawi lakhala likudalira ndime zomwazikana m'malamulo osiyanasiyana, ngakhale kuti mchaka cha 2007 lidavomereza pangano la United Nations lothana ndi katangale, lomwe ndime 33 yake imalimbikitsa maiko kuteteza anthu oulula zoipa. Maiko ena adasankha kupanga lamulo limodzi lapadera. Zambia idachita izi mchaka cha 2010. United Kingdom idakhazikitsa lamulo la Public Interest Disclosure Act mchaka cha 1998, ndipo idatanthauzira mawu oti wantchito motambasula kuti aphatikizepo otumizidwa ndi makampani opezera anthu ntchito. Kumeneko munthu wotere akhoza kusumira kampani yomwe adatumizidwako ngati ndiyo imalamula kwambiri za kagwiridwe kake ka ntchito.

South Africa, komwe Amalawi ambiri amagwira ntchito, idapanga lamulo la Protected Disclosures Act mchaka cha 2000. Poyamba linkateteza antchito olembedwa mwachindunji okha, koma mchaka cha 2017 lidakonzedwa kuti lifikirenso makontrakitala oima paokha, alangizi ndi antchito obwerekedwa. Maiko a European Union adagwirizana mchaka cha 2019 kuti chitetezo chifikire ngakhale ofunsira ntchito ndi omwe ntchito yawo idatha kale, ndipo adatchula poyera kuti kukana kuonjezera kontrakiti ya nthawi yochepa, pomwe munthu amayembekezera moyenera kulembedwa mokhazikika, ndi njira imodzi yobwezera.

Ngakhale zili choncho, lamulo la papepala silitchinga chipolopolo. Babita Deokaran, mkulu wa zachuma mu nthambi ya zaumoyo ya chigawo cha Gauteng yemwe adaulula za kubedwa kwa ndalama za boma, adawomberedwa pakhomo pake ku Johannesburg mu Ogasiti 2021, lamulolo lilipo kale. Nchifukwa chake kusunga chinsinsi cha dzina la woulula nkofunika mofanana ndi chipepeso.

Zomwe wantchito angachite lero

Pomwe malamulo ali momwe alilimu, mphamvu ya wa kontrakiti ili pa umboni. Makontrakiti akale, mapepala a malipiro ndi khadi la pantchito nzofunika kuzisunga, chifukwa ndizo zimatsimikiza nyengo zotsatizana zomwe ndime 43 ikunena. Dandaulo lolembedwa, lokhala ndi tsiku ndipo mwini wake wasungako kope, limaposa la pakamwa, poti limaonetsa kuti mavuto adayamba munthu atalankhula. Nkofunikanso kunena zokhazo zomwe munthu waona kapena ali nazo umboni, komanso kukanena ku malo oyenera: katangale ku ACB kapena kupolisi, malipiro ndi ngozi za pantchito ku leba, nkhanza zogonana kupolisi kapena ku bungwe la ufulu wa anthu lija. Kuyamba ndi kulemba maina a anthu pa Facebook kapena WhatsApp kukhoza kupatsa bwana chifukwa chochotsera munthu, ngakhalenso kumusumira mlandu woipitsa mbiri.

Mutu umodzi susenza denga. Mchaka cha 2016 bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi ndi bungwe la ogwira ntchito m'minda la Plantation and Agriculture Workers Union adasainirana mgwirizano woyamba wokambirana za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito m'gawo la tiyi. Dandaulo lodzera m'bungwe la antchito limabisa nkhope ya munthu mmodzi, ndipo kulanga munthu chifukwa cha ntchito za bungwe nkoletsedwa ndi ndime 57 komanso lamulo la Labour Relations Act la 1996.

Tiyi wogulitsa adayamba kubzalidwa ku Mulanje cha m'ma 1891, ndipo mibadwo ingapo idagwira m'minda ya atsamunda pansi pa thangata, pomwe kutsutsana ndi mwini malo kunkathamangitsitsa banja lonse. Thangata lidatha, ndipo lero wothyola tiyi ali ndi ndime za lamulo zomwe agogo ake adalibe. Koma lamulo lililonse lofuna kuteteza oulula zoipa lidzayesedwa pa mafunso atatu omwe malamulo a lero sayankha mokwanira: ngati kusalembedwanso kudzawerengedwe ngati chilango, ngati kampani yolandira wantchito wobwerekedwa idzayankhe mlandu ikabwezera, komanso ngati kontrakitala woima payekha adzakhale ndi kokadandaula. Mafunsowa akadali opanda yankho, mvula ya Disembala idzapeza anthu ataima pageti la esiteti kudikira kumva maina awo, ndipo wodandaula wa chaka chatha adzakhala akudziwa kuti mndandandawo udadutsa m'manja mwa yemwe adamunenera.